Maso a Bambo Guluu

Dzina loti Guluu analitola ku laibulale ya koleji yophunzitsa anamwino, komwe anagwirako ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi. Analowa ngati wosesa, akadali mnyamata, sukulu atailekera panjira. Patapita zaka zinayi, mkulu amene ankamata mabuku ong'ambika anapuma pantchito, ndipo kachipinda kake kakumbuyo, kopanda zenera, kanagwera iwo. Munali tebulo, singano zikuluzikulu, ulusi, makatoni, chitsulo chopanira mabuku ndi chitini cha guluu. Buku likabwera msana utathyoka, masamba ali balala, ankalisoka, kulimata, kulipana tsiku lathunthu, n'kulibwezera pashelefu. Zala zawo zinkakhala zonanda nthawi zonse. Ophunzira akawapatsa moni wa m'manja ankanamizira kuti dzanja lakanirira, n'kumati, "A Guluu, tisiyeni tikalowe m'kalasi." Dzinalo linakhazikika, moti ngakhale akazi awo ankawaitana lomwelo akafuna kuwanyogodola.

Akazi awowo anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale ina, mphindi khumi kuyenda pansi kuchokera pageti la koleji. Ankasoka mayunifolomu, kupinda masiketi ndi kusintha mazipi. Anali mayi wapakamwa, wosachedwa kuseka, pomwe amuna awo mawu ankachita kuwakumba. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene atakula anakakhala mphunzitsi wa pulayimale kutauni ina, ulendo wa tsiku lonse pabasi.

Makompyuta atafika, koleji inayamba kulembetsa ku nkhokwe za mabuku ndi magazini a zachipatala za pa intaneti. Mabuku ong'ambika anachepa, osati chifukwa choti anthu anaphunzira kusamala, koma poti anali osawagwiranso. Akuluakulu a ku ofesi anati kachipinda kaja katsekedwe, a Guluu abwerere kutsache. Abwana a laibulale, mayi wamtali wosaseka pachabe, anakana. "Munthu wodziwa pokhala buku lililonse muno, mukufuna akagwire mopu?" Anawakhazika pakompyuta yakale pakona, pafupi ndi kauntala, n'kuwauza kuti, "Phunzirani. Mukaiwononga tikonzetsa."

Anaphunzira ndi chala chimodzi. Nthawi imeneyo kunali vuto limene linkazunguza aliyense. Mphunzitsi akapeza nkhani yabwino m'nkhokwe zija, ankakopa linki yooneka pamwamba pa tsamba n'kuitumiza kwa ophunzira. Tsiku lomwelo inkatsegula bwinobwino. Mawa lake kunkangobwera tsamba loyera, kapena uthenga woti nthawi yatha. Ophunzira ankadandaula kwa aphunzitsi, aphunzitsi n'kubwera kudzakalipa kulaibulale, ndipo popeza amene ankapezeka pakompyuta anali a Guluu, mkwiyo wonse unkathera pa iwo.

A Guluu anaganiza zofufuza okha. Anasankha nkhani imodzi, yonena za kasamalidwe ka bala la moto, ndipo kwa milungu iwiri ankaitsegula m'mawa uliwonse, n'kulemba linki yake m'kope, chilembo ndi chilembo. Anaona kuti linki ya pamwamba ija inkasintha tsiku lililonse, chifukwa inkanyamula manambala a ulendo wa tsikulo lokha. Kenako anapeza kabatani kakang'ono pambali pa tsamba, kopereka linki ina yaifupi, yosasintha. Nkhokwe iliyonse inkabisa kabatani kameneka pamalo pakepake: ina kumanja, ina pansi, ina mpaka udine kawiri. Anazisaka zonse mpaka kuzitha.

Panatsala china. Ophunzira akakhala kunja kwa mpanda wa koleji, kunyumba kapena kuzipatala zakutali komwe ankakaphunzirira ntchito, linki yokhazikika ija inkawatsekera khomo n'kumawauza kuti alipire. Abwana ndiwo anafotokoza kuti kutsogolo kwa linki iliyonse kuyenera kukhala mzere wa zilembo wa kolejiyo, woti nkhokwe izindikire kuti wogogodayo ndi wophunzira wakwawo. M'kati mwa mpanda linki inkatsegula ngakhale popanda mzerewo, koma kunja ayi. A Guluu anautcha mzerewo chipewa. "Linki yopanda chipewa isatuluke pageti," ankatero, ndipo posakhalitsa koleji yonse inkalankhula choncho.

Zimenezo zinali zaka zawo zabwino. Aphunzitsi ankabweretsa mindandanda ya nkhani zoti ophunzira awerenge, yolemba pamanja ndi zilembo zija za anthu a zachipatala, zooneka ngati nkhuku yapalasa. A Guluu ankasaka nkhani iliyonse, kutenga linki yake yokhazikika, kuiveka chipewa, kuiyesa, n'kubweza mndandanda wotayipa bwino. Lolemba lililonse ankayesanso yakale yonse kuti aone ngati ina yafa. Mayi wina wophunzitsa za uzamba ankakonda kunena kuti, "Kalasi yanga ikapanda kudzera kwa a Guluu imayenda ndi mwendo umodzi." M'mabuku a ku ofesi anakhalabe womata mabuku, poti analibe pepala la sukulu, koma zimenezo sankazitchula.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, anayamba kugunda zinthu. Tsiku lina anagunda ngolo ya mabuku imene inali kumanzere kwawo, poyera. Kamuvi ka mausi kanayamba kuwasowa pasikirini, moti ankachita kuzunguza dzanja kuti akapeze. Anagula magalasi pamsika, sanathandize. Anakulitsa zilembo za pakompyuta. Pakati ankaona ndithu, koma m'mbali munkachita ngati wina akukoka makatani pang'onopang'ono. Ululu kunalibe, ndipo sanauze munthu.

Anawatulukira ndi akazi awo, m'mawa wina akumwa tiyi.

"A Guluu, kapu ili apa. Inu mukumwetsa tebulo."

"Ndinali ndi maganizo."

"Dzana munalinso ndi maganizo pomwe munaponda beseni pakhomo? Tandiyang'anani. Maso amenewa atani?"

A Guluu anaulula zonse. Akazi awo anasiya kupukuta tebulo.

"Mawa tikupita kuchipatala."

"Chipatala chake chiti, amayi? Anamwino onse a m'tauni muno anadutsa pakauntala yathu. Ndikalowa m'mawa, pofika masana nkhani ili ku ofesi."

"Ikafika ndiye itani?"

"Mwaiwala dalaivala wa basi ya koleji? Anangoti maso akuchita chifunga, mwezi sunathe ali kunyumba. Ndipo akuti chaka chino ayamba kuchotsa opanda mapepala. Ine ndili ndi pepala lanji? Zatsala zaka zitatu kuti ndipume bwinobwino. Tipirire, tikapuma tidzapita."

Anakangana sabata yathunthu. Akazi awo anayesa kukalipa, anayesa kunyengerera, anaopseza kuti auza mwana. Amuna awo anagwira pomwepo. "Mwana ali ndi zake. Mukamuuza asiya kalasi n'kubwera kudzalira pano." Pamapeto pake mayiwo anagonja. Anangoti, "Chabwino. Ndiye ndizibwera masana."

Laibulale inkatsekedwa ola limodzi masana kuti anthu akadye. Nthawi ikakwana, akazi awo ankavundikira makina ndi nsalu, kunyamula chakudya m'kontena, n'kulowa pakhomo lakumbuyo. Alonda a pageti ankaseka kuti chikondi cha ukalamba chafika poipa. Iwo ankayankha kuti, "Mukufuna andilande ana a sukuluwa?" Akalowa ankakoka mpando, kuvala magalasi awo osokera, n'kuyamba ntchito. Ankawerenga mndandanda wa aphunzitsi, kuona ngati mutu wa nkhani yotseguka pasikirini ukufanana ndi wolembedwawo, kuloza pomwe kamuvi kathawira, ndi kutsimikiza kuti chipewa chakhala kutsogolo kwenikweni, chosaduka.

Chingelezi chawo chinali cha pamsika, koma zilembo ankazidziwa. Mawu aatali a zachipatala ankawatchula mopotoka dala kuti amuna awo aseke. Zizindikiro za m'malinki anazipatsa maina awoawo. Kamzere kopendekeka kanali "kamtengo koledzera", timizere tiwiri togona tinali "njanji", kamzere ka pansi kanali "mphasa".

"Kadontho, timitengo toledzera tiwiri, kenako njanji. Apa ndiye chipewa chakhala. Idyani, chakudya chazizira."

"Tione imodzi yokha."

"Imodzi yanu ndimaidziwa. Idyani."

Ankadya ndi supuni kuti asadetse makiyi a kompyuta. Masiku ambiri ola linkatha chakudya chili theka. Makasitomala a kugolosale kuja anayamba kudandaula kuti telala wawo sapezeka masana, ena n'kusamukira kwina. Mayiwo sanadandaule pamaso pa amuna awo. Miyezi ingapo iliyonse ankangofunsa kuti, "Nanga zakuchipatala zija?" Yankho linali lomwe lija.

Tsiku lina abwana a laibulale anabwerera kudzatenga makiyi a ofesi yawo amene anaiwala, n'kuwapeza awiriwo mitu ili pamodzi pasikirini, mayiwo chala chili pagalasi. Anapereka moni, natenga makiyi awo, n'kutuluka. Sabata yotsatira a Guluu anapeza patebulo pawo pali sikirini yaikulu yatsopano. Palibe anafunsa mnzake kanthu.

Zinayenda choncho zaka ziwiri.

Lachinayi lina nthawi ya chakudya inakwana, khomo lakumbuyo osatseguka. A Guluu anadikira mndandanda uli m'manja. Patadutsa theka la ola anamva mapazi, koma sanali a akazi awo. Anali mwini golosale uja, akupuma mwawefuwefu. Anati mayiwo anagwa pampando akusoka, phazi lili pachopondera, ndipo anthu awathamangira nawo kuchipatala. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu waphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anakhala masiku atatu osalankhula. A Guluu ankakhala pambali pa bedi atagwira dzanja lawo, lomwe linali ndi kachipsera ka singano pachala chamkombaphala. Nkhope sankaiona yonse nthawi imodzi. Ankachita kuyendetsa mutu kuti aone maso, kenako pakamwa. Tsiku lachitatu m'mawa, mayiwo anatsirizika.

Mwana wawo anabwera n'kukhala milungu iwiri. M'nyumbamo a Guluu ankayenda ndi mutu, poti ankadziwa pomwe pali chilichonse. Akapunthwa pampando umene alendo anasuntha, kapena akatambasula dzanja kumbali pomwe munthu akuwapatsa moni, mwanayo ankati ndi chisoni. Anawapempha kuti apite naye kwake akapumeko. Iwo anakana. "Ntchito ikundidikira. Yatsala ya chaka chimodzi."

Atabwerera kuntchito anapeza mndandanda wa mayi wophunzitsa za uzamba uja, nkhani makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Ophunzira ake ankanyamuka Lolemba kupita kuzipatala zakutali kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo pobwera kunali mayeso. A Guluu anaugwira okha masiku atatu, mphuno ili pafupi kukhudza sikirini. Nthawi ya chakudya ankakhalabe pampando, khomo litatsekedwa, osadya. Nkhani zonse anazipeza, malinki okhazikika anawatenga molondola. Pofika poveka zipewa, kamuvi kanali kataterereka n'kulowa patsamba lina lomwe linali lotsegula pambali. Anamata chipewa kambirimbiri pamalo opanda ntchito, osaona. Atayesa malinkiwo, onse anatsegula, poti anali m'kati mwa mpanda. Anatumiza mndandanda, ophunzira n'kunyamuka nawo.

Madandaulo anayamba kufika patatha masiku angapo. Poyamba anthu ankati ndi netiweki ya kumidziko. Pofika tsiku lakhumi, mayi wa za uzamba uja anabwera yekha kulaibulale. Sanakalipe. Anaima pambali pa tebulo n'kunena motsitsa mawu.

"A Guluu, malinki aja onse alibe chipewa."

"Ndinaveka, amayi. Onse."

"Tatsegulani muone nokha."

Anatsegula. Mayiwo anaika chala pasikirini, kumanzere, pomwe linki yoyamba inayambira. "Onani apa." A Guluu anayang'ana kumanja, n'kugwedeza mutu ngati aona. Mayiwo anawayang'anitsitsa. Anali namwino wa zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa. Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuliyendetsa pafupi ndi tsaya lakumanzere la bambowo, kawiri. A Guluu sanaphethire.

"Zayamba liti, bambo?"

Anafuna kunena kuti ndi kutopa, koma analeka. Anaika manja onse awiri patebulo.

"Zaka zitatu zapitazo. Amayi kunyumba ndi amene ankandionera."

Mayiwo anakoka mpando umene unali pambali n'kukhala. Malinki aja anawaveka okha zipewa masana omwewo, a Guluu akuwauza pomata, ndipo ophunzira anawalandira tsiku lomwelo. Masiku khumi anali atawatayikira, koma mayeso analemba. Madzulo asanaweruke, abwana anaitanira a Guluu mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Iwo ankayembekeza kalata yowachotsa ntchito. Abwanawo anakhala nthawi yaitali akusuntha zolembera patebulo.

"Tsiku lija ndinakupezani ndi amayi, ndinadziwa kuti china chilipo," anatero. "Ndinaopa kuti ndikafunsa ndiyenera kulemba lipoti. Ndiye ndinagula sikirini. Ndinalakwa, a Guluu. Ndikanakukokerani kuchipatala tsiku lomwelo."

Abwanawo anaimbira foni mwana wa a Guluu, ndipo iye anafika patapita masiku awiri.

Kuchipatala cha maso anadikira pamzere kuyambira m'mawa. Namwino wowalembetsa anawazindikira, monga ankaopera kale, nawapatsa moni mwaulemu, n'kuwasunthira kutsogolo. Adokotala anawayeza ndi makina osiyanasiyana, kenako anafotokoza mosazungulira. Madzi a m'maso anali akupanikiza mtsempha woonera kwa zaka zambiri, n'kumaupha pang'onopang'ono. Diso lakumanzere linali litapita. Lakumanja linatsala ndi kampata konga kabowo ka kiyi. Mtsempha wakufa subwerera. Panali mankhwala odontheza oti ateteze kotsalako.

"Mankhwala omwewa mukanayamba zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, bwenzi lero mukuwerenga nyuzipepala," anatero adokotala. Kenako anatembenukira kwa mwanayo. "Matendawa amayenda m'magazi. Nanunso mudzayezetse."

Atatuluka anakhala pabenchi ya simenti panja, kudikira basi. Mwanayo anali atafumbata kabotolo ka mankhwala. Basi yoyamba inadutsa yodzaza.

"Munabisiranji, ababa?"

"Ndinkaopa ntchito."

"Ntchito. Nanga panopa ntchitoyo ili kuti?"

Mwanayo anapitiriza kufunsa.

"Amayi ankadziwa?"

"Ankadziwa. Ankafuna kukuuza, ndinawaletsa ndine. Usawaimbe mlandu."

"Ndinkaimba foni Lamlungu lililonse. Lililonse. Mumvekere tili bwino, tili bwino. Amayi n'kumandisimbira za makasitomala awo, ine n'kumaseka." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ankatseka makina awo masana zaka ziwiri kuti azikuwerengerani. Magazi awowo ankayezetsa liti?"

Funso limeneli a Guluu anali atadzifunsa kale kambirimbiri chimwalirireni akazi awo, koma kulimva pakamwa pa mwana kunali kwina. Anaweramitsa mutu. Mwanayo anazindikira kuti wabaya pachilonda, anafuna kubweza mawu, koma anasowa poyambira. Basi yachiwiri itafika anawagwira pachigongono n'kuwauza pomwe pali sitepe.

Koleji inawapumitsa chifukwa cha matenda, kutatsala miyezi khumi kuti nthawi yawo ikwane. Abwana anamenya nkhondo ku ofesi mpaka anawawerengera ngati opuma bwinobwino. Sabata yomaliza a Guluu anaithera pampando wawo, sikirini osaiyang'ana, akuuza abwana ndi anzawo a pakauntala zonse zimene ankadziwa: pomwe nkhokwe iliyonse imabisa kabatani kake, zimene zimafuna chipewa ndi zosafuna, ndi kuti linki aziiyesa pafoni atatuluka kunja kwa geti, osati ali m'kati. Zonse zinakwana masamba atatu. A Guluu anadabwa kuti zachepa choncho. Anafunsa ngati sanadumphe kanthu, abwana n'kuwawerengeranso kuyambira poyamba, ndipo panalibe chodumphidwa.

Anasamukira kwa mwana wawo. Mkamwini wawo, munthu wofatsa wokonza mafiriji, anamanga waya kuchokera pakhomo mpaka kubafa ndi pamthunzi wa kuseri, kuti apongozi ake azigwira poyenda. Mwanayo ankawadontheza mankhwala m'mawa asanapite kusukulu ndi madzulo akaweruka. Ankawasamala mosaphonya, koma miyezi yoyamba mawu ake anali afupiafupi, ongokwana ntchito. "Tsegulani diso. Musaphethire. Chakudya chili patebulo, kumanja kwanu."

Za kuyezetsa kwake sankazitchula. Bambo ake ndiwo anayamba.

"Mwanawe, adokotala aja anati chiyani za iwe?"

"Ndikuona bwino, ababa."

"Inenso ndinkaona bwino."

"Tikatsekera sukulu ndipita."

Sukulu inatsekedwa, inatsegulidwanso. A Guluu, amene moyo wawo wonse sanaumirizepo mwana wawo kanthu, anayamba kufunsa tsiku lililonse. M'mawa wina mwanayo atabwera ndi kabotolo, anatsinzina maso onse awiri n'kutembenukira kukhoma.

"Ababa, ndichedwa."

"Chedwa. Ukapanda kupita, inenso anga ndasiya."

"Mwayamba zachibwana?"

"Ndayamba."

Anapita Lachisanu la sabata yomweyo. Anabwera dzuwa litapendeka, n'kuwapeza pamthunzi wa kuseri, wayilesi ili pamiyendo. Anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, chinthu chimene anali asanachite chibwerereni iwo m'nyumbamo.

"Apeza kuti diso lakumanja layamba," anatero. "Akuti ndi poyambirira penipeni. Akuti ndikamadontheza osadumphitsa, ndidzakalamba ndikuona."

A Guluu anazimitsa wayilesi. Anatambasula dzanja kufufuza, mpaka linapeza mutu wa mwana wawo, n'kukhala pomwepo. Analira mwakachetechete, nthawi yaitali, koposa momwe analirira pamaliro a akazi awo. Mwanayo sanawaletse.

Kampata ka diso lakumanja kanapirira chaka ndi theka, kenako kanatsekeka. Iwo akadali moyo, kwa mwana wawo konko. Amadzuka m'mawa kwambiri, kupinda zofunda, n'kutsata waya mpaka pamthunzi. Mabotolo a mankhwala pashelefu ya m'khichini anatsala a mwanayo okha, ndipo tsiku lililonse asanatuluke pageti, bambo ake amafunsa ngati wadontheza.